Mpweya Ukatentha Injini Imafooka: Kufufuza Vuto la Supercharger ndi Turbo M'mapiri a Angónia

Injini ya galimoto imapeza mphamvu powotcha mafuta, ndipo mafuta sayaka popanda mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Kuthira mafuta ambiri m'injini n'kosavuta. Chovuta ndi kulowetsamo mpweya wokwanira kuwawotcha. Supercharger ndi turbo ndi zipangizo zimene zimagwira ntchito imeneyi. Zimakankhira m'masilinda mpweya wochuluka kuposa umene injini ikanakoka payokha, motero injini yaing'ono imatha kukoka mofanana ndi yaikulu.

Zipangizo ziwirizi zimasiyana pa chimene chimazizungulitsa. Supercharger imayendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini yeniyeniyo, pamene turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini. Zonse ndi nzeru zakale. Abale awiri a ku America, Philander ndi Francis Roots, analembetsa mu 1860 makina awo opemerera mpweya, amene ankagwiritsidwa ntchito m'ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi m'migodi, ndipo supercharger zambiri za lero ndi zidzukulu za makina amenewo. Turbo inalembetsedwa mu 1905 ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland. Mu 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakweza injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak, mamita oposa 4,000, kukasonyeza kuti turbo imabwezera injini mphamvu imene imatayika pamalo okwera. Nkhani ya zipangizozi ndi ya mapiri zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale.

Pali mtengo umene injini imalipira. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga adziwira aliyense amene anapopapo tayala la njinga n'kugwira kunsi kwa pampu. Mpweya wa madigiri 30 ukapanikizidwa ndi supercharger ya mtundu wa Roots kufika pa 0.7 bar pamwamba pa mpweya wakunja, umatha kutuluka uli pa madigiri oposa 100. Mpweya wotentha ndi wopepuka: ukakwera ndi madigiri 10 alionse, umapepuka ndi magawo atatu pa 100 alionse. Zikatero phindu lina la kupanikizako latha kale. Ichi n'chifukwa chake pakati pa supercharger kapena turbo ndi injini amaikapo intercooler, imene imaoneka mofanana ndi rediyeta koma mkati mwake mumadutsa mpweya. Intercooler yabwino imachotsa magawo pafupifupi 70 pa 100 a kutentha kowonjezerekako, moti mpweya wa madigiri 110 umafika m'injini uli pa 50 kapena 55.

Kutentha kukapitirira, zotsatira zake zimadalira mtundu wa injini. Pa injini ya petulo mafuta amayamba kuphulika okha nthawi yake isanakwane, ndipo pokwera chitunda pamamveka kaphokoso ka ke-ke-ke m'injini. Kompyuta ya galimoto ikamva zimenezi imachedwetsa moto wa mapulagi n'kuwonjezera mafuta kuti iteteze mapisitoni. Pa magalimoto ambiri kuteteza kumeneku kumayamba mpweya ukafika pakati pa madigiri 50 ndi 60. Dalaivala amangoona kuti galimoto imene inali kuthamanga bwino m'mawa yafooka masana, ndipo ikumwa mafuta kwambiri. Pa injini ya dizilo mpweya ukachepa, mafuta sapsa onse: kumbuyo kumatuluka utsi wakuda, utsiwo umatentha mopitirira muyezo, ndipo m'kupita kwa nthawi mapisitoni, mavalavu ndi turbo yomwe zimawonongeka.

Njira ya ku Fonte Boa

Fonte Boa ndi mishoni ya ansembe achiJezuiti imene inakhazikitsidwa mu 1945, m'dera limene lero lili m'boma la Tsangano, pamapiri a Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndi dziko la chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo magalimoto ambiri amene amayenda kumeneko amakhala atasenza matumba kapena anthu. Ochuluka mwa amene ali ndi chopanikizira mpweya ndi a dizilo a turbo: Toyota Hilux D-4D, Land Cruiser ya V8, Isuzu KB ndi malole ang'onoang'ono ochokera ku Japan. Supercharger yeniyeni imapezeka pa magalimoto ang'onoang'ono akale oitanitsa kunja. Zitsanzo zodziwika ndi Mercedes-Benz C180 ndi C200 zolembedwa Kompressor kumbuyo, Nissan Note ya kuyambira 2012 yokhala ndi chizindikiro cha DIG-S, imene injini yake ndi ya malita 1.2 ndi masilinda atatu, komanso Volkswagen zina za 1.4 TSI zimene zili ndi zonse ziwiri, supercharger ndi turbo. Eni ake ena a Nissan Note sadziwa n'komwe kuti m'boneti mwawo muli supercharger mpaka tsiku limene lamba wake waduka.

Ulendo wochokera mumzinda wa Tete kupita ku Angónia umasonkhanitsa zonse zimene intercooler imadana nazo. Tete ili m'chigwa cha Zambezi, osakwana mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Msewu umadzera ku Moatize, n'kupatuka pa Mussacama kulowera ku Ulongwe, mtunda woposa makilomita 200, ndipo Ulongweyo ali pa mamita pafupifupi 1,300. Galimoto imayamba ulendo ndi mpweya wotentha kale, kenako imakwera zitunda zitalizitali itasenza katundu, ikuyenda pang'onopang'ono pamene injini ikugwira ntchito yaikulu. Apa mpamene mphepo yoomba intercooler imachepa, pomwe ikufunika koposa.

Pamwamba pa mapiri kumazizirirapo, pafupifupi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa wa ku Fonte Boa umaluma ndithu. Koma mpweya wake ndi wopepuka. Kugombe la nyanja mpweya umapanikiza pa 1 bar. Pa mamita 1,300 umatsika kufika pafupifupi 0.87. Supercharger ya lamba siingachite kanthu pa zimenezi, chifukwa liwiro lake ndi lomangidwa ku liwiro la injini, choncho galimoto imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse okwera. Kufooka kotere si matenda, ndipo palibe chogula chimene chingakuchotse. Turbo yoyendetsedwa ndi kompyuta imachita zosiyana: imazungulira mofulumira kuti ikwanitse mlingo umene kompyuta ikufuna. Ngati mlingowo ndi 1.8 bar, kuwerengera pamodzi ndi kupanikiza kwa mpweya wakunja, ku Tete turbo imapanikiza mpweya ka 1.8, koma ku Angónia iyenera kuupanikiza pafupifupi ka 2.1, ndipo kusiyana kumeneku kumawonjezera madigiri 20 kapena kupitirira pa mpweya wotuluka. Kuzizira kwa kumapiri kumabweza gawo chabe la kutentha kumeneko.

Kuyeza choyamba

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusokoneza kutentha kwa mpweya wolowa ndi kutentha kwa madzi a injini. Geji ya pa dashibodi imasonyeza madzi okha. Itha kukhala pakati bwinobwino pamene mpweya wolowa uli pa madigiri 80. Makaniko amene wamva mawu oti "ikutentha" n'kuthamangira kuchotsa thermostat, monga zimachitikira m'magalaja ambiri, sanakhudze vutolo n'komwe, ndipo wawonjezerapo lina: injini imene siifika pa kutentha koyenera m'mawa wozizira wa ku Angónia imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga.

Kutentha kwa mpweya kumawerengedwa ndi kachipangizo kolowetsa pa soketi ya OBD, imene imakhala pansi pa chiwongolero. Soketiyi inakhala lamulo ku America mu 1996 ndi ku Ulaya, pa magalimoto a petulo, mu 2001. Tizipangizo totsika mtengo ta mtundu wa ELM327 timalumikizana ndi foni ya m'manja, ndipo nambala yofunika pa nkhaniyi imalembedwa IAT. Magalimoto ena ali ndi masensa awiri, ina pafupi ndi fyuluta ya mpweya, ina kutsogolo kwa injini mpweya utadutsa kale mu intercooler. Yachiwiriyi ndiyo imanena zimene injini ikulandira, ndipo wofufuza ayenera kudziwa kuti akuwerenga iti.

Sensa nayo imanama, choncho ndiyo yoyamba kuiyesa. Njira yake ndi yaulere: galimoto igone usiku wonse, ndipo m'mawa, injini isanalizidwe, kutentha kwa mpweya wolowa, kwa madzi ndi kwa kunja kuwerengedwe. Manambala atatuwa ayenera kufanana, kapena kusiyana ndi madigiri awiri kapena atatu basi. Ngati kunja kuli 14 koma sensa ikuti 45, vuto ndi sensa kapena mawaya ake. Waya akaduka, kompyuta nthawi zambiri imasonyeza madigiri 40 pansi pa ziro n'kulemba P0113. Mawaya akakhudzana imasonyeza kutentha koposa 120 n'kulemba P0112. Nambala ya P0127 ndiyo imanena kuti mpweya watenthadi mopitirira. Amene ali ndi mita ya magetsi atha kuyeza sensayo payokha. Zambiri zimasonyeza pakati pa ma ohm 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Sensa yokutidwa ndi oyilo ndi mwaye imachedwa kumva kusintha, ndipo kawirikawiri kuitsuka kumakwanira.

Sensa ikapezeka kuti ndi yoona, galimoto iyesedwe pamsewu, wina akuyendetsa wina akuyang'ana foni. Pamalo athyathyathya, pa liwiro losasinthasintha, mpweya wodutsa mu intercooler yabwino umaposa wakunja ndi madigiri 10 mpaka 20. Pachitunda umakwera, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka. Chofunika kuona ndi chimene chimachitika chitunda chikatha. Nambala ikatsika msanga m'mphindi imodzi kapena ziwiri, intercooler ikugwira ntchito. Ikakakamira m'mwamba, pali chotchinga. Ndipo ikakwera pamene galimoto yaima pamzere, monga pa chipata cha m'malire cha Calómuè kapena cha Biri-Biri, n'kutsika ikangoyamba kuyenda, kumeneko ndi kutentha kwa m'boneti kumene kwalowerera m'zitsulo. Sikufuna kukonza, pokhapokha ngati fani siikuzungulira.

Kumene vuto limabisala

M'dera la misewu ya fumbi ngati la Tsangano, wolakwa woyamba ndi nkhope ya intercooler. Timalata topyapyala ta aluminiyamu timene mphepo imadutsamo timatsekeka ndi matope a dzinja, njere za udzu za m'masika, tizilombo ndi fumbi lomatirira pa oyilo wodontha. Kutsogolo kumatha kuoneka koyera pamene zinyalala zaunjikana pakati pa intercooler, rediyeta ndi kondensa ya eyakoni, pamalo amene diso silifika popanda kumasula. Kuunika ndi tochi kuchokera kumbuyo kumasonyeza msanga: pamene kuwala sikudutsa, mphepo nayo siidutsa. Kutsuka kwake ndi kwa madzi oyenda mofatsa, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Makina otsukira magalimoto a madzi amphamvu amapinda timalatato, ndipo intercooler imatuluka yowala koma yotsekeka kuposa kale.

Zokometsera nazo zimatchinga. Chitsulo chachikulu cha kutsogolo, malaiti owonjezera ndi nambala ya galimoto yoikidwa pakati penipeni pa chibowo cholowera mphepo zimatha kudya theka la malo ofunika. Mapulasitiki olondolera mphepo, amene amathyoka m'makwawa kapena kusiyidwa pansi pambuyo pa ngozi poganiza kuti ndi opanda ntchito, ndiwo amakakamiza mphepo kudutsa mu intercooler m'malo moilambalala. Pa Hilux D-4D zambiri za zaka za 2005 mpaka 2015 ndi pa Land Cruiser zina za V8, intercooler ili pamwamba pa injini ndipo mphepo imalowera pa chibowo cha pa boneti. Pansi pa chibowocho pali labala yomatira pa intercooler. Labalayo ikang'ambika, mphepo imathawira m'mbali, ndipo intercooler imangokhala pamwamba pa injini yotentha ikuphikidwa. Kuyesa kwake n'kwapafupi: kuthira madzi ozizira pa intercooler pansi pa chitunda, kenako kukwera. Mphamvu ikabwerera kwa kanthawi, vuto ndi mphepo yosakwana. Nzeru yowaza madziyi si yachilendo. Subaru ndi Mitsubishi anaiika kuchokera kufakitale pa magalimoto awo ena othamanga.

Chachiwiri ndi fyuluta ya mpweya. Ikadzaza fumbi, supercharger kapena turbo imakoka movutikira, ndipo kuti ifike pa mlingo wofunika imapanikiza kwambiri, mpweya n'kutentha. Zili chimodzimodzi ndi kukweza galimoto pamwamba pa phiri lina lalitali kuposa. Kukuntha fyuluta pa tayala kapena kuipopera ndi mpweya wamphamvu kumaboola pepala lake, ndipo fumbi limakadya zozungulira za mkati. Choipa china ndi kuchotsa bokosi la fyuluta n'kuika fyuluta yapoyera ya mtundu wa mpikisano m'boneti. Imalira mokoma, koma imakoka mpweya wotentha wa pafupi ndi injini m'malo mwa wakunja.

Chachitatu ndi kudontha kwa mpweya. Mapaipi a labala amang'ambika kunsi kumene sikuoneka, zomangira zimamasuka m'mabampu, ndipo mwala umatha kuboola intercooler. Zizindikiro zake ndi kulira kwa mluzu pokwera chitunda, oyilo wakuda wothimbirira pozungulira polumikizira, utsi wakuda pa dizilo, ndi nambala ya P0299. Pa turbo kudontha kumawonjezera kutentha mwachindunji, poti turbo imazungulira mopitirira kuti ibwezere mpweya wotayikawo. Poyesa amatseka mbali zonse ziwiri za mapaipi, kupopamo mpweya wosaposa 1 bar, ndi kupaka thovu la sopo polumikizira ponse.

Mkati mwa intercooler mumapezeka oyilo. Kunyowa pang'ono n'kwachibadwa, makamaka pa dizilo. Koma oyilo wochita kutayika pomasula paipi amatanthauza kuti turbo yatha kapena injini ikupuma kwambiri, ndipo oyiloyo amakuta mkati n'kuletsa kutentha kutuluka. Intercooler imatsukidwa itachotsedwa pa galimoto, ndipo iyenera kuuma kotheratu isanabwezeredwe. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo kapena parafini wotsukira amene watsalira m'mapaipi, n'kuthamanga yokha mosaimitsika ngakhale kiyi atazimitsidwa, mpaka kusweka. Pa dizilo pali china choyang'ana: valavu ya EGR, imene imabweza utsi pang'ono m'injini. Ikakakamira chotsegula chifukwa cha mwaye, utsi wotentha umalowa nthawi yosayenera.

Supercharger ili ndi zake zake. Ili ndi valavu yolambalalitsa mpweya pamene mphamvu siikufunika. Valavuyi ikakakamira chotseka, mpweya umapanikizidwa nthawi zonse ndipo umatentha ngakhale poyenda mwakachetechete. Lamba wotha kapena wolendewera amaterereka, kulira, ndi kusiya ufa wakuda pozungulira. Supercharger zambiri za kampani ya Eaton zili ndi oyilo wawowawo m'kabokosi ka magiya, wosalumikizana ndi wa injini, amene anthu ambiri sanamuyang'anepo chigulireni galimoto. Palinso chizolowezi chochepetsa gudumu la lamba kuti supercharger izizungulira mofulumira. Kwa mwini galimoto wa kumapiri amene akuona kuti mphamvu yachepa, nzeruyi imakopa. Koma makina a mtundu wa Roots akapitirira liwiro limene anapangidwira amatulutsa kutentha kwambiri kuposa mpweya, kompyuta imachedwetsa moto, ndipo galimoto imathamanga pa chitunda choyamba chokha. Popanda intercooler yaikulu ndi petulo wodalirika, kusintha kumeneku ndi kutaya ndalama.

Magalimoto ena, monga Audi za 3.0 TFSI ndi Range Rover za supercharger, amaziziritsa mpweya ndi madzi. Amakhala ndi pampu yamagetsi ndi karediyeta kapadera kutsogolo. Pampuyo ikafa, kapena mpweya ukatsekeredwa m'mapaipi ake, palibe chimene chimaoneka pa geji. Nambala ya IAT imangokwera osatsikanso. Kugwira mapaipi awiri a karediyetako galimoto itayenda kumathandiza: onse akakhala ozizira pamene injini yafooka, madzi sakuyenda. Fyuzi iyambe kuonedwa pampu isanagulidwe, ndipo chitsekerero cha madzi chisatsegulidwe injini ili yotentha.

Petulo amalowa m'nkhaniyi ngakhale kuti satenthetsa mpweya. Injini ya supercharger imafuna petulo wa octane yokwera, ndipo wogulidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu palibe angatsimikize kuti ndi wotani. Petulo wofooka amayamba kuphulika yekha pa kutentha kumene wabwino akanapirira, choncho zizindikiro zimaoneka ngati za mpweya wotentha pamene manambala ali bwino.

Zonsezi zikayesedwa mpamene supercharger kapena turbo yeniyeniyo ingaganiziridwe. Turbo yotha imadziwika ndi kugwedera kwa chozungulira chake, timapiko tokhadzuka ndi utsi wabuluu. Supercharger yotha imalira mokukuta ndipo mkati mwake mumaoneka zokandika. Kuyamba ndi kugula chatsopano, monga amalangizira ogulitsa zipangizo ena, n'kulakwitsa ndondomeko, chifukwa turbo yatsopano yoikidwa kumbuyo kwa fyuluta yotsekeka ndi intercooler ya matope idzatulutsa manambala omwewo.

Gawo lotsala ndi la dalaivala. Kukwera chitunda ndi giya yaikulu, phazi lili pansi, injini ikubuula, ndi kumene kumatenthetsa koposa. Giya yaing'ono imapeputsa katundu wa injini, ndipo fani ndi pampu ya madzi zimazungulira mofulumira. Kuzimitsa eyakoni pa zitunda zazitali kumachepetsa kutentha kutsogolo kwa galimoto. Wonyamuka ku Tete m'bandakucha mu Okutobala amayamba ndi mpweya wozizirirapo ndi madigiri 10 kapena kupitirira poyerekeza ndi wonyamuka masana. Akafika pamwamba, injini ya turbo isiyidwe ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe, kuti oyilo asapsere m'kati mwa turbo. Ndipo nthawi ya sevisi yolembedwa patsogolo m'buku la galimoto si ya misewu ya ku Tsangano. Opanga magalimoto amaika misewu ya fumbi, katundu wolemera ndi zitunda m'gulu la ntchito yolemetsa, ndipo pa gulu limeneli nthawi yosinthira oyilo ndi yoyang'anira fyuluta amaifupikitsa, kawirikawiri ndi theka.